Mfuti Yokana M'mawa

Lolemba, 4 Ogasiti
Puma, chilombo chonga mkango cha m'mapiri muno, wapha nkhosa ina. Ndinamuona mbandakucha kuseri kwa khola, pafupi zedi. Ndinaloza bwinobwino, ndinakoka. Mfuti inangoti tche. Iye anandiyang'ana n'kumapita, osathamanga n'komwe. Manyazi.
Kapitawo, Don Anselmo, anadutsa masana. Akuti, "Eleuterio, zikafa zina zinayi ndibweretsa m'busa wina. Nyumbayi ndi ya munthu wosunga nkhosa." Zaka zisanu ndi zinayi tili muno. Tipita kuti ndi chisanu chimenechi?
Zipolopolo ndimadzaza ndekha ndi zida za alamu anga a Nicanor, poti kutauni ndi masiku awiri pa hatchi. Mwina ndalakwitsa penapake.

Lachiwiri, 5 Ogasiti
Masana ndatsitsa mfuti pamsomali wake pamwamba pa mbaula. Ndayesa pa chitini. Katatu, katatu konse yalira. Nkhuku balala.
Delfina mkazi wanga, akundipatsa mate, tiyi wathu wowawa uja: "Mfuti yanuyi ilibe vuto. Imangoopa puma ngati eni ake." Ndinaseka nawo.

Lachinayi, 7 Ogasiti
Zachitikanso. M'mawa, madzi a agalu ataundana. Tche. Ndinawerenga mpaka makumi atatu ndisanatsegule, monga anandiphunzitsira alamu, kuopa kuti chingaphulike mochedwa. Kabatani koyatsa wonga kumbuyo kwa chipolopolo kangokandika pang'ono, ngati ndi chikhadabo.
Nkhosa ziwiri. Imodzi ya bere.
Ndamasula zipolopolo makumi awiri. Wonga ndi wouma. Ndayezanso pa sikelo, kawiri. Zigoba zonse zoyera. Ndiye n'chiyani? Mabatani owola? Maso anga? Dzino la kumanzere nalonso layamba.

Lachisanu, 8 Ogasiti
Imodzi ina. Ikafa ina imodzi basi, tichoka muno.
Ndamanga ziwiya ndi mabulangete m'makatoni atatu. Delfina sakundiyankhula. Ndatuma uthenga kwa a Nicanor kudzera kwa wa galimoto ya nkhuni.

Lamulungu, 10 Ogasiti
Afika pa hatchi yawo yotuwa. Asanatsike n'komwe ndinawauza kuti mabatani amene anandipatsa ndi owola. Sanakwiye. Anasolola chitsulo chotsekera chipolopolo, n'kuchinunkhiza. Kenaka kuseka mpaka chipewa kugwa.
"Alamu, iyi ndi mfuti kapena nthiti zowotcha? Bweretsani mchere!"
Zoona. Mafuta a mfuti anatha mu Meyi. Ndinapaka mafuta a nkhosa, omwe timapaka nsapato, chishalo ndi mahinjesi a geti. Ndinapaka ambiri, mpaka mkati mwa kamsomali kogunda chipolopolo, poopa dzimbiri. Pamwamba pa mbaula amasungunuka, mfuti n'kumalira. Kukhola m'mawa amauma gwa ngati kandulo, kamsomali n'kumayenda mwaulesi.
Tatsuka ndi palafini. Zinatuluka zoyera mbuu, zodzadza supuni. Agalu anabwera kudzanunkhiza.
Ndapepesa za mabatani. Iwo akuti, "Pepesani kwa mlongo wangayu, wakwatiwa ndi wophika mfuti." Adya nyama theka la mwendo, apita akusekabe. Pofika Lachitatu chigwa chonse chidziwa.

Lolemba, 11 Ogasiti
Mfuti ndinaigoneka panja dala. M'mawa yozizira, yomata zala. Ndinakoka. Phuu! Ndinavina ndekha pa chisanu, galu akundidabwa.

Lachitatu, 13 Ogasiti
Puma wabwera. Wamkulu kuposa mmene ndinkaganizira. Mfuti inalira bwino kwambiri. Chipolopolo chinaboola mtengo wa mpanda, kutali ndi iye ngati kutalika kwa hatchi. Koma ulendo uno anathamanga, mchira m'mwamba, mpaka kuseri kwa phiri.
Nkhosa zonse zilipo. Ndawerenga katatu.
Kwa Delfina ndanena kuti kunali mphepo. Iye: "Eya, mphepo ya m'mawondo."

Lachinayi, 21 Ogasiti
Sabata yathunthu popanda phazi lake. Don Anselmo abwera, awerenga nkhosa, amwa mate kawiri. Pokwera hatchi akuti, "Khalani. Ndipo ndikutumizirani botolo la mafuta enieni, nkhosa zanga zisathere mu mfuti." Amva kale.
Delfina wayamba kumasula makatoni akuimba. Awiri wamasula. Katoni lachitatulo ndalikankhira pansi pa bedi, lomangamanga.