Dzina la a Kamwendo Ndinalemba Ndine

Amayi, kwacha bwanji kumene muliko?

Ndine Lufeyo wanu. Ndikulemba ndili pakhonde panu pano pa Nathenje. Musadabwe kundiona kumudzi pakati pa sabata, nkhani yake ndi yomwe yandigwiritsa cholembera.

Ndiyambe ndi zabwino. Mlongo wanga Esinati anabereka mwana wamkazi ndipo tinamutcha dzina lanu. Akafuna kulira amakwinya pamphumi ngati mmene munkachitira mukaona munthu akutaya madeya. Chimanga cha kumunda wa kumtunda mbozi zinadya, tangokolola ngolo imodzi. Fodya wa alamu anabwezedwa kawiri kumsika. Mbuzi yanu yamawanga ija ilipo, ikuvutabe m'madimba a eni.

Ntchito ya ku njanji inatha, amayi. Paja munkanyadira kumpingo kuti mwana wanu ndi kapitawo, amayang'anira amisiri okonza njanji. Chaka chatha mvula isanagwe kunabwera mabwana atsopano. Anatiitana akapitawo tonse mu ofesi, natipatsa zakumwa ndi masikono, n'kutiuza kuti kampani yalemedwa ndi anthu. Anati aliyense alembe mayina atatu a amisiri a m'gulu lake amene manja awo ayamba kulemera. Ife tisaope, akuti, ndife msana wa kampani. Masikonowo ndinadya awiri.

Ndinalemba. Dzina lachitatu linali la a Kamwendo, owotcherera zitsulo aja a ku Mitundu. Mukuwadziwa bwino. Ndi amene anandiphunzitsa kumva mng'alu wa njanji poigogoda ndi nyundo, ndiponso ndi amene anawotcherera mtanda uli pamanda panuwo, nakana kulandira kanthu. Ndinadziuza kuti akalamba, maso ayamba kuwavuta. Zoona zake n'zakuti ankanditsutsa pamaso pa anthu ndikalamula zolakwika, ndipo kawirikawiri olondola ankakhala iwo.

Tsiku limene analandira kalata yowachotsa ntchito anandipeza pamlatho tikumanga mabawuti. Anandifunsa kuti, "Lufeyo mwana wanga, mayinawa achokera kuti?" Ine ndinaloza kumwamba ndi chala, ndinati achokera ku likulu, nane ndangowaona. Anandigwira paphewa n'kunena kuti ndisadandaule. Anapepesa ineyo, amayi!

Amisiri otsalawo sanapusitsike. Anasiya kudya nane. Ndikafika pamene akhala, nkhani zinkathera pomwepo. Ndikalamula kanthu ankayankha kuti, "Tamva, bwana mlembi." Tsiku lina ndinapeza mchenga m'mbale yanga ya ndiwo, ndipo palibe anaseka, onse anangoyang'ana kumbali.

Patangotha miyezi inayi mabwana aja anatiitananso. Ulendo uno kunalibe masikono. Anati amisiri azitumiza okha malipoti pafoni, akapitawo tachuluka. Munkanena pososola nkhuku kuti mpeni wopha nkhuku sauitanira pamphasa. Ndinkayesa mukunena za mpeni.

Tinapita kukadandaula ku bungwe loimira ogwira ntchito. Mlembi wake sanatipatse ndi mpando womwe. Anati ife ndife a mbali ya mabwana, tikalire kwa anzathuwo. Potuluka pageti la kampani, nsapato zanga za ntchito zili m'jumbo, amisiri anandanda n'kumawomba m'manja pang'onopang'ono. Ena mwa iwo ndinawalowetsa ntchito ndine. Anandinyansa nawonso, kusekerera chonchija ngati mawa sikudzawachera.

Mwezi watha mabogi awiri a katundu anachoka m'njanji pakhota lina. Mwamwayi palibe anavulala. Njanji inali ndi mng'alu umene palibe anaumva. Mmodzi wa mabwana aja anandiimbira foni, mawu ake ngati uchi. Akuti ndine munthu wawo, ndiwapezere mdala wowotcherera uja abwere adzagwire ganyu ya masabata awiri, popanda kulemberana. Sanalikumbuke ndi dzina lomwe. Ndinadula foniyo n'kukalavula kuseri kwa khola.

Lachiwiri lapitali chitsulo cha ngolo yathu chinathyoka, ndiye ndinapita nacho ku Mitundu. Ndinazungulira msika kawiri kufuna wowotcherera wina, koma onse anandilozera kwa a Kamwendo. Ali ndi kashedi kamalata, amawotcherera mafelemu a zitseko. Aonda, amayi. Atandiona anavula magalasi awo akuda, nandikokera benchi, nandigulira chinangwa chootcha. Akuwotcherera chitsulocho anati, "Anyamata aja amanena kuti dzina langa unalemba ndiwe. Ndinawauza kuti asiye bodza, mwana wa Nabanda sangachite zimenezo."

Anatchula inu. Ine ndinali ndi chinangwa chawo m'kamwa. Ndinatafuna, ndinameza, n'kunena kuti zikomo.

Mabwana aja amandinyansa, a bungwe aja amandinyansa, owomba m'manja aja chimodzimodzi. Koma onsewo sanadye chinangwa cha a Kamwendo. Kuyambira tsiku limenelo ndikamapita kudimba ndimazungulira, sindidutsa njira ya kumanda, chifukwa mtanda uja ndikuuopa.

Mkazi wanga akuti ndingozisiya, mdalayo ali pamtendere ndi zimene akukhulupirira. Mwina akunena zoona. Koma mtendere umenewo waimikidwa pa dzina lanu, ndipo inu simunanamizepo munthu, ngakhale wogula tomato.

Loweruka likubwerali ndidzuka m'mawa kupita ku Mitundu. Sindinyamula nkhuku kapena chimanga, angayese ndikugula chikhululuko. Ndikaima pakhomo pa kashedi kaja n'kuwauza ndi pakamwa panga kuti dzanja linali langa. Akandithamangitsa ndikachoka. Akanditukwana ndikamvetsera mpaka amalize. Ndakulonjezani inu, tsono sindingabwerere panjira.

Ndimakukondani, amayi, ngakhale lero sindikanatha kukuyang'anani m'maso.

Ndine mwana wanu,
Lufeyo