Magemu Amene Ndinabisa Ngati Chimanga

Lusaka,
12 Okutobala 2024

Okondedwa Atate,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amai. Kodi bondo lija lasiya kuvuta? Ine kuno ndili bwino, kupatula nkhani imodzi imene ndikudziwa kuti muyamba mwaseka.

Ntchito ya m'shopu ya magemu osewera pa TV ikundidabwitsabe. Timabokosi timene timaika pashelefu n'topanda kanthu, madisiki ake amakhala m'dirowa yokhoma kuopa akuba. Munthu amasankha khoko, akalipira ndiye timamuikiramo mtedza wake. Magemu otsitsidwa mtengo timawamata kapepala kofiira n'kuwaika pakhomo penipeni, koma abwana anga a Lemmy safuna kuti azioneka ambiri. Akuti tikaika atatu anthu amalimbirana, tikaunjika khumi amangodutsa. Pamtengo salemba 300 koma 299, ndipo anthu akuluakulu ovala mataye amakondwera nayo kwacha imodziyo.

Tsono mu Ogasiti anatiuza kuti gemu ya mpira tiitsitse ndi theka. Zinandipweteka mtima, chifukwa inkayenda malonda bwino. Ndinakumbukira inu mukubweza mavenda mu Juni, chimanga n'kukhala m'nkhokwe mpaka Januwale mtengo utakwera. Ndiye ndinatenga magemu a mpirawo khumi ndi anayi n'kuwabisa kuseri kwa makatoni, poganiza kuti akasowa m'tauni ndidzawatulutsa abwana n'kundiyamika.

Kumapeto kwa Sepitembala kunafika gemu ya mpira yatsopano. Atate, ndaiyang'anitsitsa ine. Mpira ndi womwewo, bwalo ndi lomwelo, angosintha majezi ndi maina a osewera. Koma yakale ija palibenso woicheukira. Gemu siifumbwa ndi anankafumbwe, imangokalamba ili m'pulasitiki mwake. Mpaka lero sindikumvetsa.

A Lemmy atapeza magemu ndinabisa aja sanakalipe. Anangofunsa ngati kwathu timalima, ndipo nditavomera anaseka mpaka kugwira tebulo. Atatha kuseka anandiuza kuti magemuwo akapanda kutuluka mwezi uno usanathe, ndituluka ndine. Ndagulitsapo anayi okha. Ndili ndi mantha, chifukwa ntchitoyi ndinaifunafuna chaka chathunthu.

Pempho langa ndi limodzi. Mlongo wanga Bizwell akamapita ku Chipata kukafunsa za feteleza, adutse ku Kapata, m'malo muja anthu amalipira kuti asewere mpira wa pa TV. Akafunse ngati angatenge ya chaka chatha. A Lemmy avomera kutsitsanso mtengo, ndipo ndikhoza kutumiza pa basi ya m'mawa. Koma akanene zoona kuti ndi yakale, asakaikometse monga amachitira akamagulitsa mbuzi.

Musadziimbe mlandu. Zimene munandiphunzitsa n'zoona, ine ndangozibzala m'munda wa eni. Mtedza wanu musagulitse tsopano, umenewo ukwera ndithu.

Mundiperekere moni kwa amai, kwa azakhali a Rozi ndi ana awo, kwa amalume a Alfonsi ku Mtenguleni, ndi kwa onse a kwaya ku Chiparamba. Amai musawauze kaye za ntchitoyi.

Zikakanika, mudzandiona mvula yoyamba isanagwe. Khasu langa lija musabwereke munthu.

Ndine mwana wanu,
Dolika