Kiyibodi Yanu Ndatuluka Nayo

Amake mwana,

Musagwedeze nyumba, kiyibodi yanu yakale sinabedwe. Ndimafuna mukamabwera kuchokera kusukulu mupeze kompyuta yatsopano ija ikugwira ntchito, koma mutu wa chingwe cha kiyibodiyi ndi wozungulira, pomwe mabowo a kompyutayo ndi athyathyathya. Ndinazungulira thebulo ngati nkhuku yofuna poikira, mpaka ndinaona kabowo kamodzi kozungulira n'kukankha mwamphamvu. Kanali ka sipika. Pepani, timano tiwiri tam'kati mwa mutuwo tapindika.

Ndathamangira kwa wokonza mafoni wapakona uja. Akuti atiwongola, komanso ali ndi kachingwe kolumikizira mutu wakalewu ku mabowo athyathyathya aja a USB. Akalephera ndipitirira kumsika.

Mwana ali kwa aneba, mukamutenge. Mayeso aja akufunika mawa, choncho yambani kutayipa ndi kiyibodi yatsopano ili m'bokosiyo, ngakhale mumati zala zanu zimasocherapo.

Ndikudziwa kuti yofufutika zilemboyi munayamba kukhala nayo musanandidziwe ine. Ikapanda kudzuka ndikuimbirani foni, mundiuziretu koti ndikagone.

Ndine wolakwa,
Bambo ake mwana