Zaka ndinamuchotsera, mawondo ndinaiwala

Aphungu,

Ndatopa, ndipo si kutopa koti munthu akagona kumatha. Ndine telala, ndili ndi zaka 58, amuna anga anamwalira zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Ndimasokera m'kachipinda kuseri kwa depoti ya mabasi, pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa mafoni. Makasitomala akachepa ndimatulutsa kope pansi pa nsalu n'kumalemba nkhani zachikondi. Anzanga ena amaluka, ena amajeda, ine ndimalemba. Mwana wanga wamkazi, yemwe ndi kalaliki ndipo ndimakhala naye nyumba imodzi, ndiye amataipa nkhanizo n'kumazitumiza pagulu la pafoni la amayi okonda kuwerenga. Tilipo oposa 200, ndipo gawo limodzi limatuluka Lachisanu lililonse.

Kwa zaka zitatu ndakhala ndikuwapatsa atsikana a zaka 22 kapena 24, okumana ndi anyamata a mataye m'maofesi. Amayiwo ankangoti, "Atelala, lero mwatiliza." Palibe anadandaulapo, ngakhale pomwe ndinakwatitsa mtsikana mmodzi kawiri chifukwa choiwala.

Miyezi iwiri yapitayo ndinayamba nkhani ina. Mayi wa m'nkhaniyo ndi wa zaka 59, wogulitsa ulusi ndi mabatani. Bambo wa m'nkhaniyo ndi wa zaka 64, wokonza mawotchi. Onse ndi oferedwa. M'gawo lachitatu akhala pabenchi kuchipatala kudikira kuyezetsa magazi, bamboyo akumugwira dzanja, mayiyo osalichotsa. Basi. Palibe kupsompsonana, palibe chitseko chotsekedwa. Zomwe ndinalemba za achinyamata aja n'zoposa pamenepa, sindinganene pano.

Gawo limenelo linatuluka m'mawa. Pofika masana ndemanga zinayamba kugwa. Wina anati, "Ine ndalekera panjira, ndikumangoona mayi anga." Wina anati, "Agogo amenewa azikaona zidzukulu, zogwirana manja azisiyire ana." Panali mayi mmodzi yekha amene anati wawerenga kawiri, koma anandilembera kumbali ngati akuulula tchimo.

Zonsezo ndikanazipirira. Chomwe chinandilasa ndi cha mwana wanga. Ndinamupatsa kope kuti ataipe gawo lachinayi, iye n'kulikankhira kumbali kwa tebulo. Anati, "Amayi, izi sindingataipe, zikundichititsa manyazi. Anthu akuluakulu ngati amenewa akufunanso chiyani? Achepetseni zaka, apo ayi pezani wina wokutaipirani." Ankanena akuseka, akudula anyezi, osandiyang'ana n'komwe.

Ndiye m'mawa mwake kuntchito ndinatenga cholembera. Paliponse panali 59 ndinafufuta n'kulemba 23. Panali 64 ndinalemba 27. Ndinachita monga ndimachitira kasitomala akati siketi yatalika, kupinda m'munsi basi, zina zonse osakhudza. Ndinamuuza mwanayo kuti ndakonza, tsopano ndi achinyamata. Iye amataipa maso ali pa TV, zala zokha ndi zimene zimawerenga. Anatumiza, pamwamba n'kulembapo kuti zaka zinalakwika poyamba.

Aphungu, gawo lachinayilo linatuluka ndi mtsikana wa zaka 23 yemwe akuvala magalasi kuti awerenge botolo la mapilisi, akukwera masitepe akupumira panjira chifukwa cha mawondo, ndipo mdzukulu wake wa zaka zisanu ndi zinayi akumuitana kuti agogo. Mnyamata wa zaka 27 uja akumufotokozera za ntchito yomwe anagwira zaka makumi atatu asanapume. Gulu linaseka masiku awiri. Ngakhale ometa tsitsi oyandikana nawo aja anamva kwa akazi awo, n'kumandifunsa kuti mtsikana wanga mawondo ali bwanji lero.

Kenako mphunzitsi wina wa masamu yemwe ali pagulupo anawerengera. Anafunsa kuti ngati agogo ali ndi zaka 23 ndipo mdzukulu ali ndi zisanu ndi zinayi, ndiye kuti mwana wawo anamubereka ali ndi zaka zingati? Kuseka kunathera pomwepo. Ena anati ndikuseweretsa nkhani ya ana, anthu khumi ndi mmodzi anatuluka pagulu, ndipo oyang'anira gulu andipempha kuti ndiyambe ndapuma kaye. Ine amene ndalera ana anayi, lero ndikuoneka ngati wolemba zonyansa za ana chifukwa chofuna kusangalatsa anthu.

Tsopano ndikuuzeni chomwe sindinauze aliyense. Bambo wa m'nkhaniyo alipodi, kungoti sakonza mawotchi, amakonza makina osokera. Nayenso ndi woferedwa. Chaka chonse chathachi ankabwera kudzaona lamba wa makina anga, lamba wopanda vuto lililonse. Miyezi itatu yapitayo anaika sipanala pansi n'kunena kuti, "Mayi, ine zozungulira sindizitha. Makinawa ali bwinobwino. Ndimabwerera inuyo." Akufuna banja. Mwana wake wamwamuna akumukakamiza kuti asamukire kwa iye, kutali, kumapeto kwa mwezi wamawa. Bamboyo wandiuza kuti ndikavomera sapita, ndikakana apita, ndipo sadzandivutitsanso.

Ndimamukonda, ndinene poyera. Koma nkhani ija ndinailemba kuti ndione nkhope ya mwana wanga akamawerenga za anthu ngati ife. Ndinaiona nkhopeyo.

Ndiye ndithandizeni. Ndilembenso nkhaniyi ndi achinyamata enieni kuti gulu lindilandirenso? Kapena ndingosiya kulemba? Nanga bamboyu ndingomulola apite, poti zaoneka kale kuti zathuzi anthu zimawanyansa?

T. W., kuseri kwa depoti ya mabasi

*

Mayi T. W.,

Ndaseka za mawondo, mundikhululukire. Koma pofika kumapeto kwa kalata yanu ndinangogwira tsaya, chifukwa makalata ngati anuwa ndimalandira ambiri ndipo amanditopetsa. Nthawi zonse ndi munthu wamkulu, wanzeru zake, wolera ana mpaka kukula, akupempha chilolezo kwa anthu amene iye mwini anawaphunzitsa kusamba.

Tiyambe ndi owerenga anu. Anakhumudwa kawiri, ndipo kukhumudwa kuwiriku musakusakanize. Kwachiwiriko, pomwe masamu anaonetsa mwana wobereka mwana, iwo sanalakwe. Owerenga akanyansidwa ndi nkhani yachikondi yomwe ikukhudza mwana, mutu wawo ukuyenda bwino. Simunachite dala, koma zinatuluka m'dzina lanu. Lembani pagulupo mizere itatu yokha: kuti munasintha manambala osasintha anthu, kuti munalakwitsa, ndi kuti mukupepesa. Musadziteteze, musatchule mwana wanu.

Kukhumudwa koyamba kuja n'kwina. Amene anati akumangoona mayi ake ananena zoona, ndipo vuto lake lili pomwepo. Ambirife timawerenga nkhani zachikondi titadziika m'malo mwa mtsikanayo. Mukatipatsa wa zaka 59, malo odziikamo sitiwapeza, timangopezamo mayi athu, ndipo palibe mwana amene amafuna kuganiza kuti mayi ake mtima umawagunda akamva kugogoda pakhomo. Amenewo ndi manyazi a owerenga, si tchimo la wolemba. Manyazi otere amatha munthu akazolowera, kapena zaka zikamupeza iye mwini. Ena mwa amayi omwe akukunyozaniwo atsala ndi zaka khumi zokha kuti afike pa msinkhu wanu.

Ndiye nkhaniyo ibwezereni zaka zake. Munthu si siketi, inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti chovala chodulidwira thupi lina sichikhala pa thupi lina ngakhale mupinde bwanji. Mayi wa mabataniyo munamulemba ndi mawondo ake, magalasi ake ndi maliro ake, ndipo n'chifukwa chake anakana kukhala wa zaka 23. Pamwamba pa gawo loyamba lembani kuti iyi ndi nkhani ya anthu akuluakulu, wosafuna adikire ina. Ena atuluka, atuluke. Mayi uja anakulemberani kumbali sali yekha, anzake akungoopa kuyamba. Kutaipa phunzirani nokha, zala zolowetsa ulusi pasingano sizingalephere foni. Muzichedwa, koma muziwerenga zomwe mukutumiza.

Tsopano za mwana wanu, ndipo apa ndikudzudzulani. Munamupatsa mayeso osamuuza kuti ndi mayeso. Iye ankayankha za anthu a m'kope, akudula anyezi, inu n'kutenga yankho lakelo ngati chigamulo cha moyo wanu. Sanakukaneni inuyo, chifukwa simunamufunse. Mwina akadziwa akhumudwadi, sindikulonjezani kuti adzavina. Akhoza kukumbuka bambo ake, akhoza kuda nkhawa kuti nyumba yomwe mukukhala awiri isintha, akhoza kukhala sabata osakulankhulani bwino. Zonsezo ndi zake, mulekeni azimve.

Mupezeni tsiku lomwe sakupita kuntchito, TV itazimitsidwa, manja ake alibe mpeni. Muuzeni mosapita m'mbali kuti pali bambo amene akufuna kukukwatirani ndipo inu mumamukonda. Mukumudziwitsa, simukupempha. Akati mukufunanso chiyani pa msinkhu wanuwu, muyankheni zoona: munthu wocheza naye madzulo, wokufunsani ngati mwamwa mankhwala, wokugwirani dzanja. Ana ena atatu aja auzeninso nokha asanamve kwa mchemwali wawo.

Bamboyo nayenso musangomutenga chifukwa amadziwa kudikira. Kaonane ndi ana ake. Tsimikizani kuti mayi a kunyumba kwake anamwaliradi. Mukayezetse limodzi, msinkhu si katemera. Mugwirizane poyera komwe muzikakhala, ndipo kachipinda kanu kosokera kakhalebe kanu. Komanso muuzeni kuti munamulemba m'nkhani. Asadzamve kwa ometa tsitsi kuti wokonza mawotchi uja ndi iyeyo.

Chenjezo langa ndi ili. Mwandifunsa mafunso atatu, lofunika mwaliika kumapeto ngati lopanda ntchito. Nkhani ikhoza kudikira chaka, gulu likhoza kudikira, manyazi a mwana wanu adzatha okha. Koma bamboyo wakhala miyezi itatu akudikira, osadziwa kuti yankho lake likuvoteredwa ndi amayi 200 omwe sanamuonepo. Ngati simukumufuna, mukaneni chifukwa simukumufuna. Musamukane chifukwa owerenga anachita manyazi. Munthu wa zaka 64 akamanga katundu n'kupita kwa mwana wake, sabwereranso kudzafunsa kachiwiri. Muyankheni sabata ino.

Aphungu