Mizere ya a Chipewa

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Nanga mwendo uja ukuvutabe? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi.

A Chipewa, bambo aja anandiphunzitsa ntchito, tinawaika m'manda mwezi wathawu. Dzinali tinawapatsa chifukwa chipewa sankavula, ngakhale muofesi. Mpando wawo wina wakhalapo kale.

Paja mumandifunsa kuti kwenikweni ndimagwira chiyani. Timalemba malangizo othandiza kompyuta kulankhulana ndi disiki, kachipangizo kosungamo zithunzi ndi makalata a anthu. M'malangizomo a Chipewa anasiyamo mizere ina imene kompyuta siifikako n'komwe, chifukwa anailembera madisiki aakulu amene sanapangidwebe. Ankati tsiku lina adzabwera, asadzatipeze tili m'tulo.

Sabata yatha abwana anandiuza kuti ndifufute mizereyo. Anati chinthu chosagwira ntchito sitingachiyese n'kudziwa ngati chili bwino, chimangosokoneza obwera kumene, ndipo madisikiwo akadzabwera mwina adzasiyana ndi amene malemu ankaganiza. Ndinalimbalimba pamaso pa anzanga. Chowawa n'chakuti abwanawo sankanama, Amayi. Ine ndemwe ndinasocherapo m'mizere imeneyo ndili mlendo pantchito.

Pomaliza anandifunsa motsitsa mawu, "Kodi ukuteteza ntchito, kapena ukulira maliro?"

Ndinakhala pansi n'kufufuta ndi dzanja langali. Titayesa, zonse zinayenda bwinobwino ngati palibe chachoka. Ndinkalakalaka patawonongeka kenakake, ngakhale kakang'ono, koma ayi ndithu. Ndinakadzitsekera kubafa n'kulira ngati mwana.

Tsono pempho langa ndi ili. Ndamva kuti achimwene akufuna kugumula chipinda chija malemu bambo athu anachisiya m'njira, njerwazo akamangire khola. Ndikudziwa kuti chilibe denga, ndipo adzukulu amene bambo ankawamangira mwina sadzagonamo. Achimwene nawo sakulakwa. Koma ndapota nanu, auzeni adikire kaye ndibwere, ndidzaimemo pang'ono asanayambe. Kufufuta kumodzi kwandikwana chaka chino.

Mundiperekere moni kwa azakhali, achimwene ndi alamu, ndi ana onse. Inuyo musamaiwale kumwa mankhwala.

Ndatha ine mwana wanu,
Chitsirizira