Woyankha Kuseri kwa Khoma

Dambe, Neno
14 Juni 2024

Okondedwa achimwene a Herbert,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana muli bwino ku Ndirande. Kuno kwazizira, ndipo mtima wanga suli m'malo.

M'kalasi mwanga muli mtsikana wosaona, Tikondane, amene ndinamukhazika kutsogolo. Tsiku lina masana tikuloweza masamu, anandikoka chitenje n'kunong'ona: "Aphunzitsi, kodi amene amayankha mochedwayo ndani? Sali muno ayi." Ndinamuseka. Koma nditakweza dzanja kuti ana akhale chete, tonse tinamva mawu osasa kuseri kwa khoma akumaliza okha yankho.

Kuseriko sitinapezeko munthu. M'fumbi munali mokhwekhwereka ngati mwakokedwa thumba, zikhatho uku ndi uku, phazi ngakhale limodzi ayi. Makolo anati ndi ndondocha, ndipo a komiti ya sukulu anaunjikako minga. M'mawa mwake pamingapo panali magazi.

Mukundidziwa, ndimathawa ndi buluzi yemwe, komabe ndinalondola njirayo kudutsa m'munda wa nandolo. Inakathera pakanyumba kotseka kuseri kwa nyumba ya a Gerishon. Iwowa anali ndi mwana wolumala miyendo, Dalitso, koma anauza mudzi wonse kalekale kuti mwanayo anapita kwa abale ku Mozambiki.

"Kuno kulibe mwana, aphunzitsi," anatero akazi awo. "Mwamva mbuzi basi."

Akulankhula choncho, kunsi kwa chitseko kunatuluka zala zowonda, zamabala, n'kuyamba kulemba m'dothi zimene tinaphunzira dzulo lake. Mayiwo sanacheuke. Misozi yokha ndiyo inkatsika.

Ndinachonderera a Gerishon kuti sukulu ndi ya mwana aliyense, ndipo masitepe a pakhomo la kalasi akamukanika, ofunika kukonzedwa ndi masitepewo, osati kubisa mwana. Anandiyankha akuyang'ana pansi: "Mukufuna mwana wanga azikwawa pamaso pa anthu, eti? Tikangokolola nandolo ndikamusiyadi kutsidyako." Tsopano pachitsekopo pali loko, ndipo kuseri kwa khoma kuli zii. Ana a m'kalasi mwanga akusangalala, koma ine bata limeneli likundiopsa kuposa mawu aja.

Achimwene, inu mumawotcherera zitsulo. Chonde mupangireni njinga ya olumala, ngakhale ya mateyala akale, muikweze minibasi ya ku Boma nandolo asanaume. Ine ndi anzanga tayamba kale kuthira dothi pakhomo la kalasi kuti pakhale potsetsereka. Mwina bamboyo akaona mwana wake atakhala tsonga adzafewa mtima.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Dalitso nayenso akuti moni. Dzulo ndinagwada pachitseko n'kumuuza za inu, iye n'kunong'ona kuti ndikufunseni ngati njingayo imayenda mopanda phokoso, kuti bambo ake asamamve.

Ndine mlongo wanu,
Maness