Grill ya Corolla ndi Dishi ya Bapongozi

Lachinayi, 17 Ogasiti 2006

Edwell kwa Chewe, 09:14
mbuya grill ndachotsa. ma clip awiri athyoka koma palibe vuto. sandpaper ikukana, chrome ikungondiseka. manje?

Chewe kwa Edwell, 09:20
sandpaper ni ya matabwa iwe mchewa. gula caustic soda, sungunula mmadzi, viika grill. 2 hrs chabe chrome isenduka ngati khungu ya mbatata. then penti yako yakuda

Edwell kwa Chewe, 09:22
sure? motoka yachoka ku Japan mwezi watha. Sat ndinyamula bapongozi ku chilanga mulilo cha mlamu wanga Judith, mwambo wokaperekera zakudya kwa mkamwini. ndikufuna ikafike ndi nkhope yakuda ngati ma sport a mu town

Chewe kwa Edwell, 09:23
ninagwirapo ku garage 3 yrs. funsa aliyense ku Garden

Edwell kwa Chewe, 10:38
soda ndagula. bafa ya plastic yachepa. ndapeza dishi yaikulu ya aluminium pamwamba pa wardrobe, yokulunga mu chitenge. theka la grill lalowa

Chewe kwa Edwell, 10:40
yokulunga? ni ya ndani?

Edwell kwa Chewe, 10:41
ya mnyumba muno. madam Mwansa ali ku George compound kwa amake, akukonza za Sat. nditsuka ndibweza, adziwa ndani

Mwansa kwa Edwell, 11:05
bashi Chrissie mwauka? mailo Fri masana mubwere na dishi ya bamayo, ija ili pa wardrobe. Sat tikasambitsiramo manja ya ba Cephas, bamuna ba Judith, tikapereka vakudya. musaigwetse plz

Edwell kwa Mwansa, 11:07
ok swt. ili pabwino

Edwell kwa Chewe, 11:08
ati ndi ya bapongozi

Chewe kwa Edwell, 11:09
chosamo grill manje manje

Edwell kwa Chewe, 11:10
soda ndathira yonse mbuya. maola awiri akwane kaye. ndi madzi chabe awa

Edwell kwa Chewe, 11:34
madzi akuwira okha popanda moto. fungo lake nkhuku za a neba zathawa. ndi normal?

Chewe kwa Edwell, 11:41
ndiye kuti isebenza. imirira patali

Edwell kwa Chewe, 12:26
madzi ada bii. komanso akuchepa

Chewe kwa Edwell, 12:28
chrome ikumwa

Edwell kwa Chewe, 12:44
AKUTULUKA PANSI

[Edwell waimbira Chewe katatu, osayankha]

Edwell kwa Chewe, 13:15
yankha foni iwe mbemba. ndatsuka dishi, ndakweza mmwamba, ndikuona dzuwa malo 9. pansi pasanduka sefa

Chewe kwa Edwell, 13:31
eh. nanga grill?

Edwell kwa Chewe, 13:32
ikuwala kuposa tsiku lomwe inachoka ku Japan

Chewe kwa Edwell, 13:33
kikikiki sorry mbuya nagwa pa mpando

Edwell kwa Chewe, 13:34
unati unagwira ku garage

Chewe kwa Edwell, 13:38
ee. pa gate

Edwell kwa Chewe, 15:50
ndazungulira ma welder onse a mu Kalingalinga. ati pansi papyapyala ngati pepala, moto ukangokhudza yatha. mmodzi wafunsa ngati ndimaphikiramo batire

Chewe kwa Edwell, 15:57
osalira. ma dishi yafanana yonse. mailo Soweto market, gula ina, uikalambitse. bamayo ni bakulu, maso yanachepa

Mwansa kwa Edwell, 17:20
mwachita chani lelo?

Edwell kwa Mwansa, 17:42
kutsuka tsuka chabe

Mwansa kwa Edwell, 17:43
imwe kutsuka? mvula ibwera mu August

Lachisanu, 18 Ogasiti

Edwell kwa Chewe, 10:12
ndapeza size yomweyo. koma ikuwala ngati galasi. yakale inali yopindika mbali imodzi, kunja ili ndi B.M. ya penti yofiira

Chewe kwa Edwell, 10:15
kwecha na mchenga na phulusa. hammer kamodzi pambali. B.M. lemba na cutex ya madam

Edwell kwa Chewe, 11:48
ndamenya kawiri, koyamba ndinaphonya mbali. ndaikokanso pansi kuzungulira nyumba. a neba afunsa ngati ndili bwino

Chewe kwa Edwell, 11:50
bauze ni mwambo wa kwanu ku Malawi

Edwell kwa Chewe, 12:30
yakalamba mbuya. ngakhale ine ndikukhulupirira. yakale ndabisa mu boot

Edwell kwa Chewe, 15:06
ndapereka. ndinaimirira pa gate, ndapatsa madam, reverse. mkamwini sacheza ndi apongozi. lero mwambo wandipulumutsa

Chewe kwa Edwell, 15:07
waona? brain ya chibemba

Mwansa kwa Edwell, 15:19
mwathawa ngati ba minibus baona traffic. na motoka mano yakutsogolo yaenda kuti?

Edwell kwa Mwansa, 15:21
grill ili ku service

Mwansa kwa Edwell, 15:33
bashi Chrissie. dishi inunkha cutex

Edwell kwa Mwansa, 15:36
mwina chitenge

Mwansa kwa Edwell, 15:37
na kupindika kwasamuka. kunali pafupi na B, manje kuli mbali zonse ziwiri

Edwell kwa Mwansa, 15:44
msewu wa ku George mukuudziwa ma pothole ake

Edwell kwa Chewe, 15:45
zayamba kununkha. ndiyankhe chani

Chewe kwa Edwell, 15:46
kana. mwamuna amakana mpaka Monday

Mwansa kwa Edwell, 15:58
bamayo baitenga. sibanayang'ane B.M. yanu. bapititsa chala pansi pa mkombero kuzungulira konse, kawiri. baika pansi, balowa ku bedroom

Edwell kwa Mwansa, 16:01
amafuna chani pa mkombero?

Mwansa kwa Edwell, 16:09
dishi ija batata banagula ku Mufulira bakali ku mine, ine nisanabadwe. mkamwini aliyense akasambamo manja, bamayo bamalemba dzina yake na msomali kunsi kwa mkombero. ba Moven, bamuna ba Lillian mukulu wanga, ndiye boyamba. bachiwiri ndimwe

Mwansa kwa Edwell, 16:10
mailo banafuna kulemba ba Cephas, Judith ni womaliza. msomali banasunga kale mu handbag

[Mwansa waimbira Edwell kawiri, osayankha]

Edwell kwa Chewe, 16:27
ndaima pambali pa msewu, ndatsegula boot. lilipo mbuya. EDWELL 98. soda sanafike pa mkombero

Chewe kwa Edwell, 16:29
dzina yako pa dishi? ngati mkaidi kikiki

Edwell kwa Chewe, 16:33
osaseka. tsiku lija ndinali ndi jacket yobwereka, ntchito ndilibe. achibale awo ena amati mwana asapite kwa wa salaula, wa kaunjika. mayi aja anandigwira manja okha nkundisambitsa. ndipo ine sindinaizindikire dishi

Chewe kwa Edwell, 16:41
awe apa nachosa chisote. bwerera ku George. uzikamba ati ni ine ninakunamiza, mbemba banganikhululukire

Edwell kwa Chewe, 16:42
unati ndichotse grill. ndine ndinati maola akwane

Edwell kwa Mwansa, 16:45
bamake Chrissie ndalakwa. yeniyeni ili ndi ine. ndinaviikamo grill mu caustic, yabooka pansi. ija ndagula lero ku Soweto

Mwansa kwa Edwell, 16:52
mabowo ningamvetse, nimakudziwani na motoka yanu. chamene chanibaba ni chakuti munakhala pansi na hammer kukonzekera kunamiza bamayo banga. nakwiya, sinibisa

Mwansa kwa Edwell, 16:53
na cutex yanga ya Sat

Edwell kwa Mwansa, 16:55
muwauze kuti ndapepesa

Mwansa kwa Edwell, 16:56
sms siigwada. bwerani

Edwell kwa Mwansa, 17:24
ndili pa gate. pali azimayi ambiri pa mbaula. tulukani mutenge

Mwansa kwa Edwell, 17:25
ni ba aunt bochoka ku Kitwe, bonse 6. lowani nayo mweka, mmanja, osakulunga

Chewe kwa Edwell, 17:50
vili bwanji?

Chewe kwa Edwell, 18:20
mbuya ukali moyo?

Edwell kwa Chewe, 18:47
ndinagwada pa simenti mphindi 40. ba aunt amapatsirana dishi, aliyense kuyang'ana ine kudzera pa bowo. mmodzi anandithira ufa kumutu ati ndi chimbuya, nthabwala zija za abemba ndi ife

Chewe kwa Edwell, 18:48
Lesa abadalitse. bapongozi bakamba chani?

Edwell kwa Chewe, 18:52
anangopititsa chala pa mkombero, anapeza maina, anaikulunga mu chitenge nkulowa nayo. bola akanandikalipira

Loweruka, 19 Ogasiti

Mwansa kwa Edwell, 06:40
bamayo bati yakale ikhala kwao. ya ku Soweto ndiye isebenza lelo. cutex tachosa

Edwell kwa Mwansa, 06:42
zikomo. akadali okwiya?

Mwansa kwa Edwell, 06:51
bauka m'mawa na msomali wao. pa yatsopano balemba MOVEN. basiya mpata. kutsogolo kwake ni pa ba Cephas masana

Edwell kwa Mwansa, 06:52
mpata wa chani?

Mwansa kwa Edwell, 06:58
bati bayambe baona

Edwell kwa Mwansa, 06:59
aona chani? mpaka liti?

Mwansa kwa Edwell, 07:12
9 hrs mukhale pano. bati sibakwera motoka yopanda mano. grill ibwerere mwamene inalili, bamva ati iwala maningi

Edwell kwa Mwansa, 07:55
ndabwezera. ma clip ndamanga ndi waya. ndapukutanso

Chewe kwa Edwell, 08:10
mbuya nafunsa mechanic weniweni manje. ati brake fluid ndiye ichosa chrome sure sure. uli na dishi ina?

Chewe kwa Edwell, 08:31
mbuya?

Edwell kwa Mwansa, 08:44
ndafika. mpata uja ndi waukulu bwanji? zilembo 6 zikwana?

Mwansa kwa Edwell, 08:46
napima na chala. zikwana. tsegulani chitseko cha kutsogolo, babwera